Kuno ku Joni tawasenzetsa mandimu katundu wa chipatala

Ikangofika June kuno ku Joni, gogodani pa chitseko cha Mmalawi aliyense, kaya ndi ku Mayfair, ku Turffontein, ku Cosmo City olo mu mkhukhu ku Diepsloot, fungo lomwe likulandireni ndi limodzimodzi: jinja, adyo ndi mandimu zikubwata mu kapoto pa sitovu, pambali pali kabotolo ka uchi, mwini chipinda wafunda bulangete mpaka kumutu akuti "ndi kachimfine chabe aka, mawa ndidzuka." Nthawi zambiri amadzukadi. Ine zimenezi ndimamwa, a m'nyumba mwanga ndimawapatsa, ndipo wondiuza kuti ndi zachimidzi sindingamuvomere olo pang'ono. Koma pali chinthu chikundisowetsa mtendere nde ndati ndichinene poyera. Mankhwala a pakhomo omwe makolo anatisiyira anali a timatenda ta masiku awiri atatu. Kuno tawapatsa ntchito ya chipatala chonse, osati poti tikuwakhulupirira kuposa kale ayi, koma poti chipatalacho tikuchiopa, ndipo ena mwa ife akubwerera kumudzi mu bokosi chifukwa cha zimenezi.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo, chifukwa pali anzathu ena akangopita patsogolo ndi sukulu kapena akangolowa mpingo wina amayamba kuphatikiza zonse, tsamba la gwafa ndi nyanga akuti ndi zimodzi. Si zimodzi. Mayi wowiritsa masamba a bulugamu kuti mwamuna wake afukize sakuombeza ula, akuchita zomwe anaona mayi ake akuchita ndipo zambiri mwa izo zili ndi nzeru zake. Chimfine chimabwera ndi kavairasi, chimatha chokha pakapita sabata kapena masiku 10, palibe piritsi lomwe limachipha. Chofunika ndi choti munthu apume, amwe zamadzimadzi zambiri, kukhosi kufewe, mphuno zitseguke, basi. Nde taonani zomwe agogo ankachita: chakumwa chotentha cha mandimu, phala lamadzimadzi, kukugoneka, kukuletsa kupita kumunda. Uchi pa chifuwa madokotala enieni amauvomereza, moti ku UK a NHS, nthambi ya boma ya zaumoyo, amalangiza anthu awo kumwa madzi otentha a mandimu ndi uchi akamakhosomola. Kuchukucha kukhosi ndi madzi ofunda a mchere kumathandizadi. Jinja amachepetsa nseru. Palibe chochititsa manyazi apa.

Chochititsa manyazi ndi china, ndi ma kapisozi aja timabwera nawo m'chikwama kuchokera kumudzi kapena kugula mobisa kuseli kwa shopu, amoxicillin, munthu kungoyetsemula kawiri wameza, masiku awiri wasiya, otsalawo wasungira mnzake. Mankhwala amenewo ndi a mabakiteriya, pa chimfine sagwira kanthu, chomwe amachita ndi kuzoloweretsa tizilombo ta m'thupi mwako kuti tsiku lomwe udzadwale chibayo chenicheni asadzagwirenso ntchito. Pa chimfine wamba, kapu ya agogo ija ndi yanzeru kuposa kapisozi, ndipo izi ndikunena ndi mtima wonse.

Komanso tisanamizane, mzinda uno umadwalitsa mwa mtundu wake. Joni ili pamwamba, mamita opitirira 1,700, mphepo ya June ndi July ndi youma yolasa m'mafupa, milomo imasweka, mphuno zimauma mpaka ena kutuluka kamfuno, pa 10 July 2023 tinaona ndi maso chipale chikugwa mu tauni. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Mangochi thupi lake silinakulire zimenezo. Onjezanipo kugona anthu asanu chipinda chimodzi mawindo otseka, kupanikizana mu tekisi m'mawa uliwonse, kudzuka mdima kukagwira m'gadeni ya bwana udzu uli ndi chisanu. Ndipo ambiri mwa ife tsiku lomwe sunagwire ndi tsiku lomwe sulipidwa, dokotala wa pulaiveti akufuna ma handiredi angapo usanagule ndi mankhwala omwe. Munthu wotere kumuuza kuti kamutu kalikonse azithamangira ku kiliniki ndi kusamudziwa moyo wake. Mandimu atatu ndi kachidutswa ka jinja akwanitsa, nde amwe ndithu.

Vuto likuyambira apa. Kumudzi mankhwala aja sankabwera okha, ankabwera ndi munthu. Agogo akakupatsa madzi a masamba a gwafa poti watsegula m'mimba sankachoka, ankakhala pompo pa mphasa, usiku kudzuka kukugwira pachipumi, kuona ngati wamwa madzi, kuona maso ako, kumvetsera kapumidwe. Anali ataona odwala ambiri pa moyo wawo ndipo ankadziwa nkhope ya munthu amene akuchira ndi nkhope ya amene akupita. Ikafika nthawi ankanena okha kuti "uyu si wa nimu uyu, pezani njinga tipite naye," ndipo palibe ankatsutsa. Ankadziwanso mtengo wake weniweni, kuti pa uwu timatenga khungwa osati muzu, kuti muwawani sumwa ngati thobwa, kuti wapakati sapatsidwa ichi, kuti mwana amangolawitsidwa. Ife tabwera ndi tsamba lokha, maso aja ndi mlingo uja tazisiya. Chomwe chatsala ndi voice note ya pa WhatsApp, mayi ali ku Machinga mwana ali ku Rosettenville, mwana akuti "ndikungomva kuphwanya m'thupi amayi," mayi akuti "wiritsa nimu umwe mwanangu, ufukizenso." Mayiwo sakulakwa, akuyankha zomwe auzidwa. Sakuona kuti maso a mwana wawo asanduka achikasu, sakumva kuti akupuma mobanika, ndipo mwanayo sanena zonse poti safuna kuwadandaulitsa. Anzake a m'chipinda achoka 5 koloko m'mawa, abwera usiku atatopa. Palibe woti anene kuti uyu si wa nimu.

Ndipo palibe pomwe zimenezi zikutipweteka kuposa pa malungo. December timakwera mabasi kupita kumudzi, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kukalowera Mwanza kapena Dedza, tikafika nyengo ya mvula udzudzu uli pachimake, timagona kwa abale opanda neti poti "ine ndi wa konkuno, udzudzu umandidziwa." January tabwerera ku ntchito. Pakapita sabata imodzi, ziwiri, pena mpaka zinayi, mutu wayamba, kuzizidwa, kuphwanya m'thupi, ndipo poti tili ku Joni aliyense akuti ndi flu, kapoto ka mandimu kapita pamoto. Abale anga, ku Joni kulibe udzudzu wofalitsa malungo, ku South Africa malungo ali kumalire chakuuko ku Limpopo, Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Izi zikutanthauza zinthu ziwiri zomwe ambiri sitiziganizira. Choyamba, kachitetezo kaja thupi limakhala nako munthu ukamalumidwa chaka ndi chaka kamatha ukakhalitsa kunja, nde iwe amene kale malungo ankangokugoneka masiku awiri, pano akhoza kukugwetsa ngati mwana wamng'ono. Chachiwiri, nesi wa kuno sakumana ndi malungo tsiku lililonse ngati wa ku Zomba kapena ku Salima, ukangoti mutu ndi kutentha thupi iye aganiza za chimfine, pokhapokha iwe utanena wekha ndi pakamwa pako kuti ndachokera ku Malawi masabata apitawa, ndiyezeni malaria. Kuyezako ndi kubaya chala, mphindi zochepa zotsatira zatuluka. Mtundu wa malungo wa kwathu, falciparum, ndi uja umakwera kumutu ndi kuwononga impso, ndipo munthu akhoza kuchoka pa "kachimfine" kufika pokomoka m'masiku ochepa chabe. Masiku amenewo ndi omwe timathera pansi pa bulangete ndi beseni la bulugamu.

Nde lamulo la m'nyumba mwanga ndi ili, ndipo ndikanakonda likanakhala la Mmalawi aliyense kuno: wabwera kuchokera kumudzi mwezi uno kapena watha, thupi latentha, palibe za mandimu, palibe zodikira mawa, ukayezetse lero. Mandimuwo udzamwa pobwera. Izi zikukhudzanso mlendo amene wangotsika basi kudzafuna ntchito, amene amaopa ngakhale kutuluka panja, inu omulandira ndi amene muyenera kumugwira dzanja.

Ndikudziwa yankho lomwe ena ali nalo, ndalimva kambirimbiri: "LA yemweyo anachokera ku tsamba, nde chavuta n'chani ndi tsamba lathu?" Mbali yoyambayo ndi yoona. Mankhwala a artemisinin omwe ali maziko a LA wa kwathu ndi Coartem wa kuno anachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, ndipo mayi Tu Youyou amene anatsogolera ntchitoyo analandira Nobel mu 2015. Kwinini nayenso anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Koma chomwe mayi aja anachita si kuwiritsa masamba mu poto n'kugawira anthu, anatulutsa chinthu chenichenicho chomwe chimapha kachilombo, chinayesedwa, chinapimidwa, mpaka lero tikudziwa kuti wamkulu amwe angati, kawiri pa tsiku, masiku 3. Mu poto wanu simudziwa kuti muli mphamvu yochuluka bwanji, lero yambiri mawa yochepa kutengera tsamba ndi moto. Umhlonyane womwe anzathu a kuno amaukonda, uja unatchuka nthawi ya Covid, ndi m'bale wake wa chitsamba cha ku China chija koma si chomwecho, pa chimfine anthu amamwa, pa malungo musayerekeze. Nimu nayenso kuwawa kwake kumatipatsa chikhulupiriro, timaona ngati chowawa kwambiri ndiye champhamvu, koma kuwawa si umboni woti kachilombo kafa m'magazi. Thupi likhoza kuzizira tsiku limodzi lokha chifukwa malungo amabwera ndi kupita, iwe n'kumati nimu wagwira.

Chifuwa nachonso chimodzimodzi. Sabata yoyamba uchi ndi mandimu, palibe vuto. Koma chifuwa chopitirira masabata awiri, thukuta la usiku, thalauza layamba kukhwepa, chimenecho si cha mphepo ya June. South Africa ndi limodzi mwa mayiko omwe TB ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo m'zipinda zathu zothithikana munthu mmodzi amapatsira onse. Azigogo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba ambiri anabwerera kumudzi ndi chifuwa cha ku migodi, mabanja ambiri nkhani imeneyi akuidziwa. Kuyeza ndi mankhwala a TB m'makiliniki a boma ndi zaulere. Munthu wofukiza mwezi wathunthu sakudzipweteka yekha, akupweteka ndi mwana wogona naye chipinda chimodzi.

Dziko lomwe tikukhalali linalipira kale mtengo wa kusokoneza chakudya chabwino ndi mankhwala. Achinyamata amene afika posachedwa mwina sakudziwa, koma nthawi ya pulezidenti Thabo Mbeki nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang inkalimbikitsa adyo, beetroot ndi mandimu kwa anthu a HIV pomwe boma linkazengereza kugawa ma ARV, mpaka pa msonkhano waukulu wa Edzi ku Toronto mu 2006 malo oonetsera zinthu a South Africa anayalapo zimenezi. Ofufuza a ku Harvard anawerengera kuti anthu oposa 330,000 anafa pakati pa 2000 ndi 2005 chifukwa cha kuchedwa kumeneko. Adyo sanalakwe, mandimu sanalakwe, ndi zakudya zabwino mpaka lero. Cholakwika chinali kuziika pa mpando wa mankhwala. Nde ndikamva m'bale wathu akuti wasiya ma ARV kapena mapiritsi a BP kapena a shuga poti akumwa ufa wa cham'mwamba womwe atumiza pa basi, mtima umandiwawa kwambiri. Cham'mwamba ndi ndiwo yabwino, thirani mu phala, koma mapiritsi anu pitirizani. Ndipo ngati mukumwa zitsamba zilizonse pamodzi ndi mankhwala a kuchipatala muuzeni nesi, olo akukalipireni, chifukwa zina monga African potato zimatha kusokoneza kagwiridwe ka ma ARV m'thupi.

Pa ana ndiye ndilankhula mosanyengerera, poti mwana sanena pomwe pakupweteka ndipo amafooka msanga. Uchi womwe ndautamanda pamwambapa, khanda losakwana chaka musalipatse olo kadontho, mumatha kukhala tizilombo tomwe matumbo a khanda sangalimbane nato. Kufukiza mwana pa beseni la madzi owira mu chipinda chopanikiza momwe sitovu, bedi ndi ndowa zili malo amodzi, kungogwedezeka pang'ono madzi aja amuthira pamimba, chimfine cha sabata imodzi chasanduka zipsera za moyo wonse. Akapsa, chonde Colgate ayi, dzira ayi, mafuta ophikira ayi, ikani popsapo pa madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20 kenako mupite naye. Mwana akatsegula m'mimba liwombo n'kulowa, kwathu ambiri timathamangira kumata mankhwala pamutu, chonsecho liwombo lalowa poti madzi atha m'thupi, mankhwala ake ndi kumwa. Kumudzi tinazolowera Thanzi ORS, kuno ngati mulibe paketi njira yake ili mu kabuku ka sikelo ka Road to Health: lita imodzi ya madzi owiritsa n'kuzizira, masupuni a tiyi 8 a shuga, theka la supuni ya tiyi ya mchere, kumamwetsa pang'onopang'ono, woyamwa apitirize kuyamwa. Amenewa ndiye mankhwala a pakhomo oposa onse, apulumutsa ana ambirimbiri pa dziko lonse, koma chodabwitsa mayi amene amadziwa masamba khumi a m'mimba mlingo uwu sauloweza. Mwana akakana kumwa, akamasanza chilichonse, akafooka osalira n'komwe, m'chimbudzi mukaoneka magazi, kapena khanda losapitirira miyezi iwiri likatentha thupi, nyamukani nthawi yomweyo kaya ndi usiku. Ndipo chizolowezi chomwe ena atengera kwa aneba chopopera ana mankhwala kumbuyo ndi kachubu, chisiyeni, ana avulala matumbo nacho.

Pali kusakaniza kwina komwe kwabadwira konkuno, kwa mandimu a kumudzi ndi za pa spaza, timaokala ta kuno. Munthu m'mawa Med-Lemon, 10 koloko Grand-Pa, masana Panado awiri, madzulo Grand-Pa wina pa mimba yopanda kanthu, n'kumati sindinamwe mankhwala ndangodzithandiza. Grand-Pa muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Med-Lemon dzina lake lisakupusitseni, mulinso aspirin wambiri. Panado ndi paracetamol. Mukaphatikiza chonchi aspirin akukanda chifu mpaka zilonda, paracetamol wopyola mlingo akupweteka chiwindi mwakachetechete. Za aspirin ana sapatsidwa, wa zilonda za m'mimba ayi, wapakati afunse kaye. Werengani kapepala kali pa paketi, ngati chizungu chake chavuta funsani wa ku pharmacy, kufunsa salipiritsa.

Kenako pali mabotolo. Awa ndiye sindiwawerengera n'komwe m'gulu la mankhwala a makolo, ngakhale ogulitsa amabisala kuseli kwa dzina limenelo. Chigubu cha malita awiri, madzi akuda, palibe chizindikiro, akuti chimatsuka magazi, chimachiza shuga, BP, kusabereka, mphamvu za abambo ndi tsoka lomwe, chikugulitsidwa pa renki ya tekisi kapena pa status ya WhatsApp ndi m'bale wathu yemwe, nambala ya ku Malawi ndi ya kuno zili pomwepo. Agogo anu sankagulitsa, analibe chifukwa chokunamizani, mukadwala kwambiri ovutika anali iwo omwe. Wa chigubu mawa wasintha nambala. Ku Faraday ndi ku Kwa Mai Mai kuli misika yaikulu ya zitsamba, kuli anthu odziwadi ntchito yawo ndipo boma la kuno lili ndi lamulo la asing'anga la 2007, sindikunyoza. Koma mitengo imeneyo ndi ya dziko lino, mayina ake ndi a Chizulu ndi Chisutu, ife sitinakule nayo, sitidziwa kuti uwu mlingo wake ndi uti. Pali muzu wina wotchedwa impila womwe madokotala a kuno analemba kalekale kuti wapha anthu powononga chiwindi ndi impso. Munthu amene kumudzi sakanadya bowa womwe sakuudziwa, kuno akumwa muzu woti ngakhale dzina lake sangalitchule, poti wogulitsa walankhula motsimikiza. Zochokera kumudzi nazonso, madzi ofulula kale oti ayenda masiku awiri pa basi kutentha kwa ku Tete, kapena ufa wa mu pulasitiki womwe simunaone mtengo wake, muziganiza kawiri. Alongo athu oyembekezera, mwanamphepo uja anamwino a kwathu akhala akuletsa poti amabweretsa matenda a uchembere mwamphamvu mpaka chiberekero kung'ambika, asakupezeni kuno kudzera pa basi, ndipo isihlambezo, zitsamba za apakati za aneba athu a kuno, musamwe musanafunse ku sikelo.

Tsono tifike pa muzu wa nkhani, chifukwa zonse ndanenazi ambiri akuzidziwa, si umbuli womwe ukutisunga m'nyumba. Ndi mantha. Pasipoti inatha masiku, pemiti palibe, munthu akuopa kuti akapereka dzina pa windo mawa ali ku Lindela, kosungira obwera oti abwezedwe kwawo. Ena anakalipiridwapo pa mzere anthu akuonerera, ena chilankhulo chimawavuta, Chizulu chochepa chizungu chochepa. Ndipo mu 2025 tonse tinaona magulu monga Operation Dudula ataima pa zipata za makiliniki kufunsa ma ID ndi kubweza obwera, amayi a ana kumsana omwe. Munthu amene waona zimenezo akasankha poto wa mandimu sindingamunene kuti ndi wopusa. Mantha ake ndi enieni. Koma tidziwenso zomwe malamulo a dziko lino amanena, poti ambiri timangomva za m'maluwa. Gawo 27 la Constitution ya South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, silinati nzika zokha. Mu April 2023 khoti lalikulu la Gauteng linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lomwe achokera kapena mapepala awo. Ndikudziwa kuti chigamulo cha khoti sichiima nawe pa geti 6 koloko m'mawa, zomwe zalembedwa ndi zomwe zimachitika pena zimasiyana. Komabe kusiyana kwa munthu wodziwa ndi wosadziwa kulipo, wodziwa akabwezedwa apa amapita pa kiliniki ina, amatenga mnzake wodziwa chilankhulo, sabwerera kukagona. Manesi ambiri amagwira ntchito yawo bwinobwino, amene anathandizidwa bwino sakamba, timangomva za amene anabwezedwa nde mantha amakula kuposa momwe zilili.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Mmalawi akamwalira kuno timagwirizana modabwitsa. Uthenga ukangolowa pa gulu la WhatsApp la anthu a kwa T/A yakuti, la mpingo, la mzikiti, la bariyo sosayite, ndalama zimayamba kulowa tsiku lomwelo, R50, R100, R200, mpaka ma sauzande ambirimbiri okwanira mochale, mapepala, bokosi ndi galimoto ya tirela yokafika kumudzi. Ndi chinthu chokongola ndipo chisathe. Koma munthu yemweyo sabata yapitayo anali chigonere m'chipinda akumwa nimu, ndalama yomwe ikanamufikitsa kwa dokotala wa pulaiveti kukayezetsa malungo inali kachigawo kakang'ono ka zomwe tasonkha pa maliro ake, ndipo palibe anadziwa, kapena amene anadziwa anangoti "pepani, mumwe mandimu." Magulu athuwa ali ndi ma tcheyamani, asungichuma ndi malamulo a chindapusa, nde chikuletsa n'chani kuti pa chopereka cha mwezi pazipatulidwa kagawo ka odwala? Membala watentha thupi masiku awiri, kapena wangobwera kumene kuchokera kumudzi, kapena wabwezedwa pa geti ya kiliniki, msungichuma atulutse ya dokotala ndi ya tekisi tsiku lomwelo, zobweza tidzakambirana akachira. Pagulu pakhalenso anthu awiri atatu odziwika, makamaka amayi achikulire omwe alera ana ndipo akhalitsa kuno, oti wina akadwala azipita kukamuona ndi maso osati pa foni, ali ndi mphamvu yonena kuti uyu tinyamuke naye. Pafupifupi dera lililonse lomwe kuli a Malawi amayi otere alipo kale, kungoti sitinawapatse udindowo.

Ndipo inu amene mayi kapena agogo anu akadali moyo, mukamaimba foni Lamulungu musamangofunsa za feteleza ndi malata. Afunseni za masamba aja mulembe mu kope, poti ana obadwira m'zipatala za kuno, ku Rahima Moosa ndi ku Bara, sadziwa kusiyanitsa nimu ndi indiya, ndipo tsiku lina adzafuna. Koma pofunsapo musalekere pa dzina la mtengo. Funsani kuti mumatenga mbali iti, yochuluka bwanji, kwa masiku angati, ndani sayenera kumwa, ndipo munkaona chani kuti munene kuti apa zakanika tipite kuchipatala. Funso lomalizali akuyankhani mwatsatanetsatane kuposa momwe mukuganizira, chifukwa ambiri mwa iwo anaikapo mwana m'manda ndipo zizindikiro zake sanaziiwale.